Kabati Imene Inakana Kutuluka Pakhomo

Mpaka lero ndikusunga chikhomo chimodzi cha phingo, chachifupi ngati chala changa chaching'ono, mutu wake wopakidwa penti wachikasu. Chimakhala m'kachitini ka mabatani. Ana anga akandifunsa kuti n'chachiyani, ndimawayankha kuti n'chotsalira cha kabati ya agogo awo, basi. Sindiwanamiza, koma sindiwauzanso zonse. Chikhomochi chinali pakati pa duwa, ndipo duwalo linali pa kabati imene ine ndinaiwonongetsa ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, osaikhudza n'komwe.

Tinkakhala m'malaini a esiteti ya tiyi kumunsi kwa phiri, m'nyumba ya kampani ya zipinda ziwiri. Abambo anali kalipentala wa pa esitetipo. Mkati mwa sabata ankakhoma mafelemu a mawindo, mabenchi a ku fakitale ndi mabokosi a maliro. Loweruka masana ndi Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankapanga zawozawo. Amayi ankathyola tiyi nthawi ya mvula yokha, choncho nyumbayo inalembedwa m'dzina la abambo. Ndanena izi msanga chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Kabatiyo inayamba ndi zitseko. Zinali ziwiri, zakale kuposa abambo enieniwo. Agogo aamuna anabwera nazo pamutu kuchokera ku Mozambique, kumene anaphunzira ukalipentala kwa ansembe, ndipo anazijambula okha ndi kaburashi ka ubweya wa mbuzi. Panali maluwa ofiira ndi obiriwira okwerana ngati mphonda, ndipo pakati pa chitseko chilichonse panali mbalame yamchira wautali imene sindinaionepo m'tchire lililonse. Penti wake anali atazilala, atang'ambikang'ambika timizere ting'onoting'ono, koma abambo sankalola kuti munthu apakenso. Ankati penti watsopano pa zitseko zimenezo n'chimodzimodzi kuveka nkhalamba yunifolomu ya sukulu.

Thupi la kabatiyo anapanga abambo, m'nyumba momwemo, thabwa limodzilimodzi kwa zaka ziwiri. Mizati inayi inali ya mlombwa. M'mbali anaikamo mbawa wofiirira amene ankamupala mpaka munthu n'kumadziona nkhope. Kumbuyo ndi mashelefu zinali za mkungudza, matabwa akale amene anawapempha kwa mkulu wina wocheka matabwa ku Likhubula. Ukatsegula chitseko, fungo la mkungudza linkakulandira mpaka kukhosi, ndipo njenjete ndi mphemvu sizinkayerekeza kulowamo. Mu kabati yonseyo munalibe msomali ngakhale umodzi. Zitseko zomwe zinalibe mahinjesi, zinkazungulira pa timitu tathabwa tolowa m'thabwa lapamwamba ndi lapansi. Pa mizati abambo anajambulapo maluwa awoawo, asanu ndi atatu, otengera a agogo, lililonse ndi kadontho kachikasu pakati.

Amayi ankainyadira kabatiyo mopanda manyazi. Munali mbale zawo zagalasi zimene sitinkadyeramo, yunifolomu yawo ya kumpingo, zitenje zinayi zosavala, ndi makadi athu a kusikelo. Azimayi a m'malaini ankabwera ngati akudzapempha mchere, maso ali pa mbalame zija. Tsiku lililonse m'mawa amayi ankaipukuta asanasambe n'kumaso komwe. Ine ndinkaloledwa kupukuta kumiyendo kokha.

Abambo sanali munthu wocheza ndi ana. Sankatimenya, komanso sankatiseketsa. Ankangotidutsa ngati mmene munthu amadutsira mpando. N'chifukwa chake ndimakumbukira bwino Lamlungu lina kumayambiriro kwa nyengo yozizira, amayi atapita ku Nkando kukazonda mnzawo wodwala, mlongo wanga wamng'ono ali kumsana. Abambo anatseka chitseko cha nyumba, nandiitana ndi dzina langa lenileni, osati "iwe" wa masiku onse. Anatulutsa katundu yense mu kabati n'kumuyala pamphasa. Kenako anatenga hamala ndi kamtengo, n'kulowetsa dzanja mkati, pakona yapamwamba, pamene panali kadontho kakuda kooneka ngati mfundo ya mtengo. Anagogoda kawiri. Kunja, mtima wachikasu wa duwa unatumphuka n'kugwera m'manja mwanga.

Chinali chikhomo. Maluwa asanu ndi atatu onse aja anali zikhomo, ndipo n'zimene zinkagwira kabati yonse. Anandionetsa ndondomeko yake. Uyambe zinayi zapamwamba, kumanzere kenako kumanja, unyamule denga lake, zitseko zimazuka zokha. Ukatero uchotse zapansi, mbali zonse zimagona pansi bwinobwino. Anandibwerezetsa katatu mpaka ndinaloweza ngati vesi. Atabwezera zonse m'malo mwake, anandigwira paphewa, chinthu chimene sanachitepo, nati, "Amayi ako usawauze panopa. Nthawi yake ikadzafika udzadziwa wekha."

Tsiku limenelo ndinayenda ngati ndakula. Abambo anga, amene sankadziwa n'komwe kalasi imene ndinali, anandisankha ine n'kundisungitsa chinthu.

Lachitatu lotsatira abambo ananyamula chikwama chawo cha zida, pulena, sowo, hamala ndi tepi, n'kunena kuti akukafuna matabwa kumalire, abwera Lachisanu. Lachisanu linafika, linadutsa, n'kubweranso lina. Chiperoni chinatsika m'phiri n'kukhazikika. Kamvula kake kosalekeza kankanyowetsa zovala pachingwe, nkhuni zinkangofuka utsi, ndipo m'mawa minda ya tiyi inkasowa yonse mu nkhungu. Amayi ankaima pakhomo atafunda chitenje kumutu, kuyang'ana njira yochokera kumsewu. Sabata yachitatu mawu anafika kudzera kwa munthu wa njinga za kabaza, akuti anawaona abambo tsidya lija la malire, akukhoma shelefu m'golosale ya mayi wina, ndipo sankaoneka ngati mlendo. Ine sindinakhulupirire. Ndinali ndi chinsinsi chawo m'mimba mwanga, ndipo ndinkaganiza kuti munthu sangasiye chinsinsi chake n'kupita osabwerera.

Akapitawo a pa esitetipo anabwera ndi kalata. Popeza mwini ntchito wathawa, nyumba ikufunika pakutha pa mwezi, mulowa dalaivala wa thirakitala ndi banja lake. Amayi anaiwerenga ataimirira, naipinda kanayi, n'kuiika mu kabati momwemo, pansi pa mbale zagalasi. Sanalire. Anangoti, "Tibwerera kwathu ku Milonde. Koma ine sindituluka muno popanda kabati yanga." Madzulo ake ndinawamva akuuza mnansi wathu kuti anachoka kumudzi ali mtsikana, anthu akuimba, ndipo sangabwerere zaka khumi ndi ziwiri pambuyo pake chimanjamanja, ndi ana awiri ndi mphasa, kuti akhale nkhani ya pachitsime. Mwamuna wapita, nyumba yapita, koma kabatiyo ikatsike pa ngolo anthu akuona.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anabwera pa njinga kudzakonza za ulendo. Anali munthu wachangu, wokonda kumaliza zinthu asanaziganizire. Anaitana amuna atatu a m'malaini, anatulutsa katundu, n'kuyamba kuikankha kabati kulowera kukhomo. Ili chiimirire inagunda pamwamba. Ataigoneka chammbali inagunda m'felemu. Anaipendeketsa, anaitembenuza, anachotsa chitseko cha nyumba, thukuta lili chuchuchu ngakhale kunkazizira. Inkatsala ndi zala zinayi zokha kuti idutse. Windo linali laling'ono, mwana yekha ndiye akanatulukirapo. Pamene ankaibwezera pamalo pake, mbali imodzi ya mbawa inali itakalika mzere woyera, ndipo amayi anakhala akuupukuta ndi mafuta ophikira mpaka dzuwa kulowa.

Amalume anati tigumule felemu, tidzaimanganso. Akapitawo anakana, akuti katundu wa kampani sakhudzidwa popanda chilolezo cha ku ofesi. Amayi anavala yunifolomu yawo ya kumpingo n'kupita ku ofesiko. Anakhala pa benchi m'mawa wonse, benchi yokhomedwa ndi mwamuna wawo yemwe, ndipo pomaliza kalaliki anatuluka n'kuwauza kuti bwana ati ayi, njerwa imodzi isasunthe. Akapitawo powaperekeza anawonjeza ndi mwambi, akuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Amayi anabwerera kunyumba chimanjamanja.

Nkhani inafala m'malaini monse. Kalipentala wotchuka uja, woyeza chilichonse ndi tepi, anaiwala kuyeza khomo la nyumba yake. Amuna ankaseka pa bawo, azimayi ankaseka pampopi. Mtsikana wina atanena kuti abambo anga anali chitsiru, ndinamuthira madzi a m'ndowa yonse n'kumukanda kumaso. Ndinkadziwa kuti sanaiwale, ndipo mawuwo ankandiyabwa pakamwa tsiku lonse. Koma ndinatseka pakamwa, ndipo apa ndiyenera kunena zoona zonse, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti ndinangomvera lamulo la abambo. Panali chinanso. Amayi anali atalumbira kuti satuluka popanda kabati. Ndiye m'mutu mwanga masamu anali osavuta: kabati ikapanda kutuluka, amayi sachoka, amayi akapanda kuchoka, abambo akadzabwera adzatipeza. Ndinkaganiza kuti ndikugwira banja lonse ndi zikhomo zisanu ndi zitatu.

Kutatsala masiku anayi kunabwera aphunzitsi anga a Sitandade 4. Anamva za ndewu ya pampopi, ndipo m'malo mondikwapula anabwera kunyumba ndi rula yaikulu ya pabolodi ili kukhwapa. Anayeza khomo, anayeza kabati, analemba manambala kuseri kwa envelopu, n'kupukusa mutu. Kenako anasiya rula n'kuyamba kuisisita kabatiyo ndi manja, pang'onopang'ono, kufunafuna mutu wa msomali kapena sikuluwu. Sanapeze. Anauza amayi kuti, "Mayi, munthu amene anapanga chinthu ichi si woiwala khomo. Pali njira yake, koma ine sindikuiona." Chala chawo chachikulu chinali pa duwa lapamwamba kumanzere, pakadontho kachikasu penipenipo.

Aphunzitsi anatembenuka n'kundiyang'ana. Anandifunsa mofatsa ngati abambo anandiuzapo kalikonse za kabatiyi, kapena ngati ndinawaonapo akuimasula. Amayi nawo anandiyang'ana, maso awo atatupa ndi kusagona. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti, "Ayi, aphunzitsi." Anandikhulupirira, chifukwa ndinali mwana wosanama, woyamba m'kalasi. Bodza limenelo linali la mawu awiri okha, ndipo ndakhala ndikulisenza zaka zonsezi.

Mawa lake mkazi wa dalaivala uja anabwera kudzaona nyumba yake yatsopano. Anayenda m'zipinda ngati ife tachoka kale, anagogoda makoma, kenako anaima kutsogolo kwa kabati nthawi yaitali. Ananena mokoma kuti amayi asavutike, angoisiya, iye aziwasungira, ndipo akadzafuna kudzaiona khomo n'lotsegula. Amayi anamuyankha akumwetulira kumwetulira kumene sindinakuonepo, "Zikomo mayi. Koma ndi bwino ndiiwaze nkhuni kusiyana n'kuti muziikamo mbale zanu." Atachoka, anauza amalume kuti akabwereke sowo.

Ngakhale pamenepo sindinachite mantha. Ndinkati amayi akungolankhula ndi mkwiyo, sangalole. Munthu amene ankaipukuta asanasambe kumaso sangaime n'kumaonerera ikuchekedwa. Ndipo abambo anali ndi masiku atatu oti atulukire.

Tsiku lomaliza kunacha ndi chiperoni chomwecho. Ngolo inaima panja, ng'ombe zikutuluka nthunzi m'mphuno. Amalume anabwera ndi sowo ya mano akuluakulu, yochekera bulugamu wa nkhuni. Anati aicheka pakati kuchokera pamwamba mpaka pansi, zigawo ziwiri, ndipo kalipentala wa ku Milonde akailumikizanso. Anayamba ndi zitseko. Posapeza mahinjesi, analowetsa chikwanje m'mphepete n'kukanula. Choyamba chinazuka kamutu kake katathyoka. Chachiwiri chinakana, anakanikiza ndi bondo, ndipo chinang'ambika ndi phokoso ngati la nsungwi pamoto. Mng'aluwo unadutsa pakhosi pa mbalame ya agogo.

Ndikanatha kulankhula pamenepo. Chitseko chimodzi chinali chitapita, koma zina zonse zinalipo. Sindinalankhule, tsopano chifukwa cha mantha, poti akanandifunsa kuti unali kuti masiku onsewa. Amalume anakwera pampando n'kuika sowo pa denga la kabati. Inkagwedera, ndiye amayi anaigwira okha, manja onse awiri, chipumi atachitsamiritsa pa mbawa. Utuchi unkagwera m'tsitsi mwawo, poyamba wofiira, kenako sowo itafika pa mkungudza, wotuwa. Fungo lija limene tinkalimva pang'onopang'ono potsegula chitseko linadzaza nyumba yonse mpaka kutsamwitsa. Mpaka lero ndikadutsa pamene anyamata amagulitsa timabokosi ta mkungudza kwa alendo, ndimawolokera tsidya lina la msewu.

Zinatenga nthawi yaitali. Shelefu iliyonse inali ndi kulira kwakekwake. Ine ndinaima pakona, mlongo wanga ali kumsana, maso ali panjira, kudikirabe munthu wa chikwama cha zida.

Chigawo choyamba chinatuluka bwinobwino. Ponyamula chachiwiri, amalume anachigunditsa m'felemu, ndipo kanthu kena kanagwa n'kugubuduzika pa simenti mpaka kumapazi a amayi. Anawerama n'kutola. Anayang'ana mutu wachikasu, anayang'ana duwa limene tsopano linali ndi bowo pakati. Amalume anatsitsa chigawocho, anasuzumira mkati, n'kutenga mwala kuti agogode mfundo ina yapansi. Ndipo ine, amene ndinatseka pakamwa mwezi wathunthu pamene kulankhula kukanapulumutsa zonse, pakamwa panga panatseguka pokha. Ndinati, "Osati chimenecho, amalume. Muyambe zapamwamba."

Amalume anagogoda chapamwamba, kenako zapansi, ndipo chigawo chija chinamasuka mwaulemu, thabwa lililonse likuchoka mwa linzake osakalika n'pang'ono pomwe, kupatula mbali imene sowo inadya. Anayamba kutukwana mlamu wawo m'Chilomwe, mawu amene sindinkayenera kuwamva. Amayi sanatukwane munthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, utuchi uli m'nsidze, n'kungoti, "Unkadziwa." Silinali funso. Ndinadikira khofi, ndinkalifuna khofilo, koma silinabwere. Anandipatsa chikhomo chija m'manja, nanditsekera zala, n'kutuluka kukakweza mphasa pa ngolo.

Ku Milonde tinafika ndi mulu wa matabwa. Anthu anaona ndithu, monga mmene amayi ankafunira, koma zimene anaona n'zimenezo. Kalipentala wa kumsika anayesa kuilumikiza ndi misomali, mbawa n'kung'ambika, ndipo kabatiyo inaima mopendekeka miyezi ingapo mpaka amayi anati ichotsedwe m'maso mwawo. Mashelefu anasanduka benchi. Chitseko chong'ambika chinakatseka khola la nkhuku, mbalame ya agogo ikunyowa ndi mvula mpaka inafufutika. Chabwino chija amalume anadzagulitsa kwa munthu wina woyendayenda wogula zinthu zakale. Ndili wamkulu ndinalowapo m'sitolo ina ku Blantyre mmene amagulitsa mipando ndi makabati akale kwa anthu a ndalama, ndipo wogulitsayo anandifotokozera monyadira kuti penti wozilala ndi wong'ambikang'ambika ndiye amakweza mtengo. Ndinayang'ana zitseko zonse m'sitolomo, chimodzichimodzi. Chathu panalibe.

Amayi anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, ndipo nkhani ya kabati sanaitchulenso ngakhale kamodzi. Anandilera, anandiphunzitsa ndi ndalama za tiyi, anavina pa ukwati wanga. Koma sanandisungitsenso kanthu, ngakhale kiyi wa nyumba. Ankapatsa mlongo wanga. Sindiwaimba mlandu. Amene ndimawaimba mlandu ndi abambo, aja amene anatseka chitseko Lamlungu lija, ndipo mkwiyo umenewo sunathe, ngakhale ndinamva kuti anamwalira kalekale tsidya lija, n'kuikidwa m'bokosi lokhomedwa ndi munthu wina.

Tisanakwere ngolo tsiku lija ndinathamangira m'nyumba komaliza. Pakhoma pamene panali kabati panatsala malo oyera, aakulu, opanda mwaye. Ndinatola khala pa mbaula n'kulemba ndi zilembo zanga zabwino za Sitandade 4 kuti TILI KU MILONDE, kuti abambo akadzabwera asavutike kutifunafuna. Ndinkada nkhawa kuti adzandikalipira chifukwa choulula nthawi isanakwane. Sindinkadziwa kuti nthawi imene ankanena ija inali yomweyo, tsiku limene kalata inafika. Sindinkadziwa kuti munthu amene akubwera Lachisanu saphunzitsa mwana kumasula kabati. Lamlungu lija abambo sankandisankha ayi, ankatsanzika. Mawu amene anaopa kuwanena pamaso pa mkazi wawo anawasenzetsa mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwanayo anawalandira ndi manja awiri, akuyesa mphatso.